Chithunzi Chimene Lestina Anapachika

Sukulu ya Nansole, Thyolo
21 Januwale 2024

Achimwene a Hector,

Moni kuchokera kuno kwathu. Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Ife tilipo. Bambo akudandaulabe bondo lija koma thalakitala ya esiteti sakuisiya. Mvula yagwa bwino, tiyi waphuka moti anthu akutchola mpaka dzuwa kupendeka, ndipo fungo la kufakitale likulowa mpaka m'kalasi.

Poti foni yanu inabedwa ndipo mukuti simugula ina msanga, makalata ndizipatsira a Chester, aja amanyamula katundu wa anthu pakati pa Joni ndi Luchenza. Akuti amabwera kawiri pamwezi galimoto ikapanda kuvuta.

Temu ino andipatsa Sitandade 6, ana 94, ndipo mwa maphunziro anga muli la zaluso. Mukukumbukira mmene linkayendera nthawi yanu. Mphunzitsi ankajambula kapu pabolodi, ana onse n'kukopera kapuyo, amene chogwirira chake chapindika n'kulakwa. Ine ndayesa njira ina imene mayi wina anatiphunzitsa ku koleji. Mwana amasankha yekha choti apange, zoti apangire, komanso ndi iye amene amanena kuti wamaliza. Ine ntchito yanga ndi kuwaonetsa kagwiridwe ka zipangizo kwa mphindi zochepa, kenako n'kumayendayenda ndikufunsa kuti akupanga chiyani.

Kalasi ndaigawa ngodya zinayi. Kwina kuli dongo la kumtsinje, kwina makungwa a nthochi ndi mlulu, kwina waya ndi zitsekerero za mabotolo, kwina makala. Mapepala ndi matumba akale a tiyi amene bambo amanditengera kufakitale. Mlungu woyamba theka la kalasi linajambula kapu yomwe ija, pabolodi popanda kanthu. Koma tsopano bwerani mudzaone. Wina waumba agogo ake ali pa njinga ya kabaza, ena atatu agwirizana kumanga fakitale yonse ndi waya, ndi chumuni yomwe. A hedi anasuzumira pawindo nati kalasi yanga ikumveka ngati msika wa Luchenza, koma sanandiletse.

Chimene chikusowa ndi mtundu. Zonse ndi zakuda ndi zofiirira, pamene anawa akukhala pakati pa kubiriwira kokhakokha. Inu mumapenta nyumba za anthu. Ngati pamatsala kapenti m'zitini, kapena mutapeza makirayoni otsika mtengo, tipatsireniko. Ndiuzeninso ngati chifuwa chija chinatha.

Mlongo wanu,
Tikhala

Rosettenville, Joni
8 Febuluwale 2024

Tikha,

Moni mlongo wanga, ndipo upereke moni kwa bambo. Ine ndili bwino, chifuwa chinatha. Kalata yako ndinaiwerengera pa makwerero ndikupenta nyumba ya bwana wina, mpaka mnzanga wa ku Zimbabwe anandifunsa chimene ndikusekera ndekha.

Iwe unali wamng'ono, sungakumbuke. Ndili Sitandade 5 pa sukulu yomweyo ndinajambula njinga ya aphunzitsi kumbuyo kwa kope la masamu, ndi masipoko onse. Anandipatsa chibalo chokumba dzenje la zinyalala masiku atatu. Njingayo inali yabwino, Tikha, ngakhale lero ndimaiona. Kuyambira pamenepo sindinajambulenso kanthu, mpaka pano ndimangopaka makoma mtundu umene mwini nyumba wanena. Ndiye zimene ukuchitazo pitiriza, a hedi alankhule mpaka atope.

A Chester ndawapatsa katoni. Muli mabokosi asanu ndi limodzi a makirayoni, timabotolo ta penti wachikasu, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, ndi maburashi atatu akutha amene ndawadula kuti akhale aang'ono. Pentiyo ndi wa madzi, ukhoza kusungunula. Mafuta a m'kabotolo koyera ndi a bondo la bambo, asapite kukalasi.

Undiuze za denga la nyumba yathu ku Nchilamwela ngati silikudontha. Bambo kwawatsalira chaka ndi miyezi ingapo kuti apume, ndipo nyumba ya esiteti adzaisiya tsiku lomwelo.

Ine,
Hector

Sukulu ya Nansole
20 Febuluwale 2024

Achimwene,

Moni. Tonse tili bwino, denga la kumudzi likudontha pakona imodzi yokha. Katoni inafika. Tsiku limene ndinaitsekula m'kalasi, kwa nthawi yoyamba ana 94 anakhala chete osawauza. Makirayoni ndawadula pakati kuti akwanire ndipo ana asankha okha anzawo awiri owasunga.

Ndikufuna ndikuuzeni za mtsikana wina dzina lake Lestina. Ali ndi zaka khumi ndi zitatu, amakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo chiyambire temu ino mawu ake sindinawamve kupatula poyankha dzina. Mayi ake a Marita ndi otchola tiyi a pa nyengo, aja amalembedwa mvula ikayamba n'kuchotsedwa ikatha. Amakhala ku malaini a kumunsi, nyumba za esiteti zija, ndi ana atatu. Bambo a anawo anapita ku Mozambiki ndipo sanabwerere. Masiku ena Lestina amathawa nthawi ya buleki kukapereka chakudya kumunda kwa mayi ake.

Milungu yonseyi wakhala pa ngodya ya makala, akujambula mizere ya tiyi ndi tianthu topanda nkhope. Atagwira makirayoni anajambula mayi mmodzi yekha, dengu kumsana, pulasitiki yong'ambika m'chiuno. Manja anawajambula aakulu kuposa mutu, zala zakuda ndi utomoni wa masamba, ming'alu yonse ikuoneka. Ndinaima kumbuyo kwake nthawi yaitali. Nditamufunsa anangoti, "Ndi manja a mayi anga." Achimwene, ine ndakulira pa esiteti ino, manja otere ndimawapatsa moni tsiku lililonse, koma ndinali ndisanawaonepo.

Pa 22 Marichi tili ndi tsiku la makolo. Ndawauza ana kuti aliyense adzasankha yekha ntchito yake imodzi yoti anthu aone. Lestina chithunzi chake wachipinda n'kuchilowetsa pansi pa matumba. Akuti anzake aseka pulasitiki yong'ambikayo. Ine ndikufunitsitsa chitaoneka, koma ndinalonjeza kuti sindisankhira munthu.

Mlongo wanu,
Tikhala

Sukulu ya Nansole
5 Marichi 2024

Achimwene,

Moni, ndikhulupirira muli bwino. Ya pa 20 simunayankhe koma sindingadikire. Kalata ino musauze munthu, ngakhale bambo.

Lestina wajambula china. Anayamba Lachinayi lapitalo, wamaliza lero, nthawi yonseyi atatchinga pepala ndi mkono. Ndi shedi ya feteleza ija ili kumapeto kwa munda wa nambala 9. Pakhomo pali mwamuna wavala jasi lachikasu, wagwira mayi pamkono akumukokera mkati. Dengu lagwa, masamba amwazika. Pambali pali njinga yamoto yofiira. Kuseri kwa bulugamu kuli kamtsikana kanyamula kontena ya chakudya. Nkhope ya mwamunayo sanaijambule, koma pa divishoni yathu yonse jasi lachikasu ndi njinga yofiira ndi za munthu mmodzi, a Mulipa, kapitawo amene amalemba ndi kuchotsa mayina a otchola. Chikanakhala cha makala palibe akanadziwa.

Ana atatuluka ndinamusiya n'kumufunsa mofatsa. Anati zinachitika mu Disembala, komanso kawiri mu Januwale. Mayi ake sadziwa kuti iye anaona. Kenako anati, "Madamu, ichi ndi chimene ndasankha kuti ndipachike."

Ndinamuuza kuti tikambirana. Ndinapita kwa a hedi osatchula dzina, n'kufunsa chimene mphunzitsi angachite mwana akaulula za nkhanza zochitikira kholo lake. Anati za kumunda zimathera kumunda, ife zathu ndi za m'kalasi. Ndinafuna kupita kwa a Marita, ndinafika mpaka pa mpopi wa ku malaini, n'kubwerera. Ndikanayamba bwanji? Ndi munthu wamkulu kwa ine.

Mukudziwa kuti a Mulipa ndi alamu awo a manijala wa divishoni, amenenso ndi bwana wa bambo. Ndikachibisa, ndiye kuti ndamuuza mwanayu kuti asankhe chilichonse kupatula choona. Ndikachisiya pakhoma sindikudziwa chimene chidzagwe. Ndilibe wina womufunsa. Ndiyankheni lisanafike la 22. Kalatayi ndikukaisiya kusitolo kwa a Chester mawa.

Tikhala

Rosettenville
11 Marichi 2024

Tikha,

Moni, ndili bwino. Ndikulemba mothamanga chifukwa mayi wina wa kumpingo kwathu akukwera basi mawa ndipo adutsa pa Luchenza.

Kalata yako ndaiwerenga katatu. Za chithunzi cha mtsikanayo ndi mayi ake, ine ndikuti chisabisidwe. Chimene mwana waona ndi maso ake si chochititsa manyazi, manyazi ndi a amene amachititsa kuti zinthu zikhale choncho. Anthu a pa esitetipo zonsezo amazidziwa koma amayang'ana kumbali. Aone, ndi mabwana omwe. Iwe unayamba bwino, usachite mantha pano. Mwana akabisa ulendo uno sadzajambulanso, ine ndikudziwa.

Uwauze bambo kuti malata awiri a pakona paja ndiwaganizira mwezi wa mawa.

Hector

Ku malaini a madalaivala
26 Marichi 2024

Mwana wanga Hector,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Ine ndine bambo ako Fackson Namakhwa. Thupi lili bwino, mafuta aja anathandiza, koma mtima suli bwino. Kalata ino mlongo wako sakuidziwa.

Lachisanu kunali tsiku la makolo kusukulu. Ine ndinapempha maola awiri n'kupita nditavala jekete, chifukwa Tikhala anati kuli zoti ndikaone. Anthu anali ambiri. Bwana manijala analiponso ngati mlendo wolemekezeka popeza esiteti ndi imene inafolera sukuluyo. M'kalasi mwa mlongo wako munali zinthu zokongola, sindinama. Ana anapanga ngakhale thalakitala yanga ndi waya, ndipo ndinaizindikira.

Kenako ndinaona anthu aunjikana pakhoma la kumbuyo, osalankhula. Panali chithunzi cha mwana wa a Marita. Sindifotokoza zimene zinali pamenepo, koma aliyense anadziwa. Akazi awo a Mulipa, a Teleza, mwana wawo ali m'kalasi yomweyo. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Jasi ili ndimachapa ndine." Sanakweze mawu koma tonse tinamva. A Marita anali atangofika kuchokera kumunda, pulasitiki ili m'chiuno. Anayang'ana khoma, anayang'ana mwana wawo, n'kumugwira dzanja kutuluka. Amayi ena otchola anaweramitsa mitu, ndipo awiri anatuluka akulira. Bwana manijala anachotsa yekha chithunzicho, n'kuchipinda, n'kuchiika m'thumba.

Dzulo Lolemba dzina la a Marita silinaitanidwe pa sikelo yoyezera tiyi. Ine anandiitana ku ofesi. Anandifunsa ngati ndine ndimatulutsa matumba a fakitale popanda chilolezo. Matumba otaya, Hector, amene timayatsira moto. Makiyi a thalakitala anandilanda, ndipo lero ndayamba kusenza mitengo ya bulugamu ndi anyamata a msinkhu wa iwe. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndili pa chiwongolero.

A hedi ndi a komiti ya sukulu anena kuti nkhaniyi ithe mwa njira imodzi mwa ziwiri. Kapena mwanayo aime pamaso pa sukulu anene kuti ananama, kapena Tikhala alembe kuti ndi iye anamuuza choti ajambule. Akuti zikatero a Marita abwerera pantchito ndipo ine sandithamangitsa m'nyumba nthawi isanakwane. Mlongo wako sakudya, ndipo a komitiwo sanawayankhe. Ndinamufunsa chifukwa chimene sanandiuze, anati anafunsa iwe ndipo unamuuza kuti chisabisidwe. Kodi ndi zoona? Iwe uli kutali, ndiye ukhoza kulimba mtima. Ife timatunga madzi pa mpopi umodzi ndi anthu amenewa.

Sindikunena kuti mwanayo ananama. Ndakhala pano nthawi yaitali, shedi imeneyo ndimaidziwa, feteleza ndimatsitsa ndine. Koma ndakalamba ndipo nyumba ya kumudzi sinathe. Mulembere mlongo wako alembe kalatayo. Iwe amakumvera.

Bambo ako,
F. Namakhwa

Rosettenville
7 Epulo 2024

Tikha mlongo wanga,

Sindikudziwa poyambira, ngakhale moni akundikanika. Dzulo a Chester andipatsa makalata awiri pamodzi, ya bambo ya pa 26 Marichi ndi yako ya pa 5 Marichi. Yakoyo inakhala mwezi wathunthu kusitolo kwawo ku Luchenza. Iwo anagona m'chipatala ndi malungo, ulendo umodzi unalephereka, ndipo akazi awo anaiika m'kabati n'kuiwala.

Tikha, pamene ndinkalemba kuti chisabisidwe, ndinkanena chithunzi cha manja. Cha pulasitiki yong'ambika. Za shedi ndazimva dzulo. Ndikanadziwa ndikanakuuza kuti upite kaye kwa mayiyo, ukhale nawo pansi, chifukwa nkhani inali yawo isanakhale ya mwana kapena yako. Kaya ndikanatero, kaya ndikungodzinamiza lero poti ndaona mathero. Ndawerenganso mawu anga m'mutu ndipo ndikuona mmene unawamvera. Sindinatchule tsiku la kalata imene ndinkayankha. Chinthu chaching'ono chotero.

Ndipo penti wachikasu uja ndinatumiza ndine.

Bambo akufuna ndikuuze kuti ulembe kalata yovomera. Sindikuuza zimenezo. Ukalemba, a Mulipa ayera, ndipo mwanayo adziwa kuti ngakhale iwe wamuthawa. Komanso sindingakuuze kuti ukane, ine ndili kuno, bondo likusenza mitengo si langa. Ndinafuna kukwera basi lero lomwe. Mapepala anga anatha mu Novembala, ndikadutsa pa chipata cha m'malire andidinda zaka zisanu osabwerera, ndiye tonse tidzadya chiyani? Ndangokhala pano ndi burashi m'manja.

Ngati sunalembe, dikira. Pita ku ofesi ya madandaulo ya esiteti, ndinamva kuti inatsegulidwa. Undiyankhe msanga, ndipo kalatayo uipereke m'manja mwa a Chester eni ake.

Hector

Sukulu ya Nansole
28 Epulo 2024

Achimwene,

Moni. Yanu ya pa 7 Epulo inandipeza pa 16. Kalata yovomera ija ndinali nditalemba kale pa 2.

Musadziimbe mlandu. Ndinkafuna wina andiuze zimene mtima wanga unkafuna kale, ndiye mawu anu ndinawalandira ndi manja awiri osafunsa. Amene anabwerera pa mpopi ndine.

Ku ofesi ya madandaulo ndinali nditapita kale, patangopita masiku atatu chichitikire tsiku la makolo lija. Mayi wa kumeneko anandilandira bwino, anandipatsa mpando, nati dandaulo liyenera kuchokera kwa mwini wake. Ndiye ndinapita kwa a Marita, ulendo uno mpaka pakhomo. Ndinawapeza akuchapa. Sanandikalipire, bola akanatero. Anandiyalira chiguduli, n'kundiuza kuti dzina lawo linalembedwa nyengo zitatu zotsatizana pamene amayi ena anabwezedwa pa geti, ndipo ine ndi sukulu yangayi ndikhoza kudziwa chifukwa chake. Anati akapita kukadandaula, palibe kapitawo wa esiteti iliyonse kuyambira kuno mpaka ku Mulanje amene adzawalembenso. Kenako anati, "Aphunzitsi, ine ndinkapirira poganiza kuti ana anga sakudziwa. Chimenecho ndicho mwandilanda." Lestina anali m'nyumba, sanatuluke.

Zoti mwanayo aime pa asembule n'kunena kuti ananama sindikanalola. Ndiye ndinalemba. Ndinalemba kuti ine Tikhala Namakhwa ndinauza wophunzira wanga choti ajambule, ndinamusankhira mitundu, ndipo zonse zinachokera m'mutu mwanga. Miyezi itatu ndakhala ndikudziletsa kuuza mwana ngakhale mtundu wa thambo, kenako n'kusainira zimenezo. Ndinkaganiza kuti kalatayo ikathera mu faelo. A komiti anaiwerenga mokweza pa msonkhano wa makolo, ana ali pamawindo. Lestina anali pawindo la kumanzere. Sanalire. Anangondiyang'ana mpaka anamaliza kuwerenga.

A Marita sanabwerere pantchito. Akuti nyengo yatsala pang'ono kutha, mayina atsopano adzaona mu Disembala. Pa 12 anauzidwa kuti nyumba ikufunika, ndipo anasamukira kwa achemwali awo ku Masambanjati. Lestina temu ino sanabwere. A Mulipa anawasamutsira ku divishoni ya kumtunda, njinga yomwe ija, ntchito yomwe ija. Bambo m'nyumba sanawachotse koma makiyi sanawabwezere. Amafika madzulo, n'kukhala pakhonde osavula nsapato. Sitikambirana.

Mlangizi wa sukulu za m'dera lino anabwera, anandipatsa kalata ya chenjezo, nati phunziro la zaluso lizitsata buku. Ngodya zija ndaphwasula. Fakitale ya waya ana anaitenga, dongo tinataya kuseri. Lachinayi ndinajambula mphika pabolodi ndipo ana 93 anakopera. Mmodzi anafunsa ngati angaupake mtundu umene akufuna. Ndinayang'ana pawindo kaye ndisanayankhe.

Chimene sindikuchimvetsa ndi ichi. Amayi atatu otchola, aliyense payekha, andipatsa moni wa manja awiri pamsewu, mmodzi mpaka anandipatsa mapeyala osanena chifukwa. Koma palibe amene wapita ku ofesi ija, ndipo ine sindingawapemphe.

Mlongo wanu,
Tikhala

Ku malaini a madalaivala
19 Meyi 2024

Hector,

Moni m'dzina la Ambuye. Malata awiri aja afika, mmisiri wathu a Ben akhoma Lachitatu. Kuno chiperoni chayamba, bondo latupa.

Ndinakupempha kuti umuuze mlongo wako alembe. Analemba usanamuuze, ndipo ndikudziwa kuti analembera ine. Dzulo ku Sabata anandipempha kuti nditsogolere pemphero ndipo ndinakana, koyamba chibatizidwire. Pa shedi ija ndinkaona njinga itaima, chitseko chotseka, ine n'kutembenuza thalakitala kukayamba kutsitsa kwina. Si chaka chino chokha. Mwana wa zaka khumi ndi zitatu anachita chimene ine sindinachite.

Usamuuze Tikhala kuti ndalemba izi. Ngati ukutumiza kanthu mwezi uno, tumiza nsapato za mwana wamkazi, saizi 4 kapena 5. Iye adziwa kokazipereka.

Bambo ako

Sukulu ya Nansole
16 Juni 2024

Achimwene,

Moni. Ndikhulupirira kuzizira kwa kumeneko sikunakubwezereni chifuwa. Bambo ali bwino pang'ono, awapatsa ntchito yopepuka yosesa ku galaja. Nsapato zinafika. Munalemba kuti ndi maganizo anu, koma saizi ya mwana amene simunamuonepo munaidziwa bwanji? Sindinawafunse bambo. Pamene ndimanyamuka m'mawa uno anandiperekeza mpaka pa siteji, chinthu chimene sanachitepo.

Ndapita ku Masambanjati lero. Sindinavutike kufunafuna. Minibasi itangoima, pakati pa ogulitsa othamangira mawindo panali Lestina, lichero la nthochi pamutu. Atandiona anafuna kubwerera, koma anzake anali atamutsekereza kumbuyo.

Tinakhala pa khonde la sitolo yotseka. Watalika, kapena waonda. Akuti mayi ake amalima maganyu m'madimba a anthu, ndipo amalankhula naye bwinobwino, za madzi, za nkhuni, za ana, koma za chija sanatchulepo ngakhale kamodzi. Sukulu ilipo pafupi. Akuti mwina ayamba Sepitembala azakhali ake, achemwali a mayi ake aja, akalola, chifukwa nthochizo ndi zawo. Ndinamuuza kuti kalata yosamutsira ndabwera nayo, a hedi anasaina. Anailandira n'kuiika pansi pa nthochi.

Ndinamuuza kuti zimene zinawerengedwa pa msonkhano zija zinali zabodza, ndipo ndinazilemba pofuna kuti iye asaimitsidwe pa asembule. Anati akudziwa. Ndinati chithunzi chinali chake, ndipo chinali choona. Anati akudziwanso. Ndinapepesa. Pamenepo anangoyang'ana msewu ngati kukubwera galimoto.

Nsapato zinamukwana. Anaziyesa, anayenda masitepe atatu, n'kuzivula kuti zisade. Kenako ndinatulutsa kope latsopano la mapepala oyera ndi bokosi limodzi la makirayoni limene ndinabisa osalidula. Sindikudziwa ngati ndinachita bwino. Anapukuta manja pa chitenje, anatsegula kope, anasankha kirayoni wobiriwira, n'kumubwezera. Anatenga wabuluu, n'kumubwezeranso. Anakhala choncho nthawi yaitali, pepala lili pamiyendo.

Kenako anati, "Madamu, mundiuze inu choti ndijambule. Chimene sichingavute."

Achimwene, ndinayang'ana paliponse. Panali nthochi, njinga, galu, mulu wa chinangwa, phiri kutsidya. Chilichonse chikanatheka. Iye anadikira, akundiyang'ana mwaulemu monga mwana wasukulu amadikirira. Minibasi ina inaima, azakhali ake anamukuwira kuchokera kutsidya kwa msewu, ndipo anatseka kope, anasenza lichero n'kuthamangira mawindo.

Ndinakhala pakhondepo mpaka minibasi zitatu zinadutsa. Kope ndi makirayoni ndinasiyira mayi wogulitsa mandasi pafupi kuti amupatse. Yachinayi ndinakwera.

Mawa ndili ndi zaluso piriyodi yachitatu. Buku likuti tijambule nkhuku.

Mlongo wanu,
Tikhala